Njoka Yopanda Mutu ya Mayi Genoveva

M'tauni ya Cholula monse mulibe munthu wotema mphini ya njoka ya nthenga kuposa ine. Sikudzitama ayi, ndikungonena zimene zilipo. Kaoneni mikono ya anyamata onyamula matumba kumsika, kapena misana ya ovina pabwalo Lamulungu. Mukapeza Quetzalcoatl, mulungu wa njoka ya nthengayo, amene nthenga zake zikukhala ngati zikupuma, dziwani kuti watuluka m'manja mwa Maribel Toxqui. Zinazo, zooneka ngati nyongolotsi yovala chisoti, n'za anzanga a tsidya lina la msewu.

Aliyense amabwera ndi tanthauzo lakelake. Wotuluka kundende amati njoka imafundula, nayenso wafundula. Mwana wa kuyunivesite amati ndi mulungu wa nzeru amene anaphunzitsa makolo athu kuwerenga nyenyezi. Wothamangitsidwa kumpoto, kudziko la azungu, amafuna yaikulu yodzaza chifuwa, kuti akadzawolokanso malire anthu azidzaona okha kumene amachokera. Mlimi wina anandipempha kanyerere pafupi ndi mchira, poti njokayo inadzisandutsa nyerere kuti ikatitengere chimanga m'kati mwa phiri. Ine ndimamvetsera, ndimavomera ndi mutu, kenako n'kuyatsa makina. Matanthauzo amasiyana, koma onse amafuna mutu waukulu, mano ali panja, maso ofiira.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankafuna n'kumva komwe za ntchito yangayi, ndipo anali mayi anga ondibereka.

Mayi Genoveva amakhala kumudzi kwathu, m'munsi mwa Don Goyo, phiri lathu losaleka kufuka utsi lija. Anzawo a kutchalitchi akawafunsa chimene mwana wawo wamkazi amachita m'tauni, ankangoyankha kuti, "Amagwira za singano," anthu n'kumayesa kuti ndine telala. Ine ankandiuza pamaso kuti Mulungu anandipatsa thupi loyera koma ndalisandutsa khoma la pasiteshoni ya basi. Ndikamapita kumudzi ndinkavala malaya a mikono yaitali ngakhale dzuwa liswe mtengo. Zinkandiwawa, sindibisa. Koma mako ndi mako, ndiye ndinkangomanga mabatani mpaka m'khosi.

Kumapeto kwa Ogasiti, chimanga chitabereka, mlongo wanga Nazario anandiimbira ndili pakati pa ntchito.

"Maribel, siya zonsezo. Amayi aombedwa ndi mphenzi kumunda."

"Mayo ine! Atisiya?"

"Atisiye ndani? Ali pano akukalipira adokotala. Iwe ingobwera."

Ndinawapeza pakachipatala ka m'boma lathu. Bulu wawo anafera pomwepo. Nsapato zawo anakazitola kumzere wina wa chimanga, kamendulo ka m'khosi kanasungunuka, ndipo khutu lakumanzere linatsekeka. Koma pakamwa panali bwinobwino. Namwino atawavula kuti awapime, ndinaona chimene mphenzi inasiya pathupi pawo. Kuyambira pamwamba pa dzanja lamanja panali mzere wofiira wokwera mkono wonse, kukhotera paphewa, kuzungulira kumsana, n'kukwera khosi mpaka kukalowa m'tsitsi. M'mbali mwake munatuluka timizere tosawerengeka, kalikonse kakuphukanso tina, ndendende nthenga. Njoka ndajambula zambirimbiri pa moyo wanga, koma patsikulo ndinaona kuti ndakhala ndikungoyerekeza.

Kwathu munthu akaombedwa ndi mphenzi n'kudzuka, sitimati wachita mwayi, timati waitanidwa. Ayenera kulowa m'gulu la oteteza minda, aja amakwera phiri kukapempha mvula kwa Don Goyo ndi kubweza matalala. Akapanda kulandiridwa ndi mkulu wa gululo kuphanga la paphiripo, mphenzi imabwerera kudzamaliza ntchito. Inu mukhoza kuseka, koma amayi sankaseka, ndipo ine nditaona bulu uja sindinasekenso.

Vuto linali lakuti mkulu wa gulu, a Crisóforo Tepox, anali kumpoto kuja, kutsidya la malire, kwa mwana wawo, ndipo ankayembekezeka mu Novembala, pa mwambo wotsekera mvula. Mkuluyo ngwokanika. Chiyambireni alendo kubwera ndi makamera, anthu odzinenera kuti anaombedwa achuluka, ndipo iwo amabweza aliyense wopanda chizindikiro. Tsono adokotala, posadziwa kuti akuthira mchere pabala, anatitonthoza kuti tisadandaule, zofiirazi zizimiririka zokha sabata lisanathe.

Adokotala atatuluka, amayi anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Iwe," anatero osandiyang'ana. "Zida zako zija wabwera nazo?"

"Zida ziti, amayi? Za utelala?"

"Usandiyese. Ndikunena zoboolera anthu zija."

Ndinawauza kuti singano zidikire kaye, thupi lawo linali lisanakhazikike ndipo mtima unkagundabe mosalongosoka. Ndinati ndingojambula ndi foni, tidzaonere pamenepo akachira.

"Msana wanga ulowe m'foni? Kuti a mumzinda wa Puebla onse aziuona akumwa khofi?"

"Ndiye ndiike pepala pamwamba, nditsate mizereyi."

"Ayi. Chalembedwa pathupi chikhale pathupi. Ukachisamutsira papepala ndiye kuti chasanduka chako."

Ndinatulutsa cholembera chofiirira chimene timalembera pakhungu tisanayambe kutema. Masana amenewo ndinatsata mzere uliwonse, kanthenga kalikonse, mpaka dzanja linachita dzanzi. Patapita masiku ochepa kufiira konse kunatha monga adokotala ananenera, panatsala inki yanga yokha. Koma inki ya cholembera siichedwa kufufutika ndi thukuta. Kuti njokayo isatayike, inkafunika kubwerezedwa tsiku ndi tsiku mizere ya dzulo isanazimiririke.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkakwera basi yoyamba yopita kumudzi, shopu n'kumatsegula masana. Ndinkawapeza atakhala pakampando kuseri kwa khitchini, atatsitsa bulauzi, luko la tsitsi ataligwirira m'mwamba. Mayi amene sankatha sabata osalowa m'kanyumba kosambira nthunzi anasiyiratu, ankangodzipukuta ndi kansalu mozungulira mizereyo. Mitambo ikayamba kuda sankatuluka m'nyumba. Kukagunda bingu ndinkamva msana wawo ukuuma pansi pa dzanja langa, ngakhale pakamwa ankati akungomva kuzizira.

Munthu akakufulatira amalankhula zimene sangalankhule mukuyang'anana. Anandiuza kuti sanamve kuwawa, anangomva fungo ngati la machesi, kenako anaona mapazi awo ali opanda nsapato. Tsiku lina anandifunsa za njoka zanga za m'tauni.

"Ndamva umazipatsa mano ngati agalu achiwewe."

"Ndi zimene anthu amafuna, amayi."

"Ilume ndani? Ija ndi mphepo, mwana iwe. Ija imabwera mvula isanagwe, yonyamula fumbi ndi makoko. Ntchito yake n'kusesa njira kuti mvula idutse."

"Ndimadziwa zimenezo. Ndinawerenga."

"Wawerenga! Tsache lili ndi mano unaliona kuti?"

Ndinaseka mpaka mzere unakhota, iwo n'kundimenya pabondo osatembenuka. Unali m'mawa woyamba kuseka limodzi patapita zaka zambiri.

Mu Okutobala thupi linali litachira ndipo nthawi ya singano inayandikira. Apa mpamene ntchito inandikwera m'mutu. Njoka yamtundu wanji yopanda mutu? Dzina langa likanamveka bwanji anthu ataona chinthu chosamaliza? M'tauni, munthu akafuna njoka ya mkono wonse, mutu timauika padzanja, kuyang'ana kuzala, kuti akamapereka moni uzionekera. Dzanja langa linazolowera choncho. Nditamaliza kubwereza mizere m'mawa wina, ndinangopitiriza, n'kujambula mutu wokongola kuseri kwa chikhatho chawo. Sindinaikemo n'dzino limodzi lomwe. Amayi anali atatsinzina, akuwothera dzuwa.

Mayi Herlinda, mnzawo wa amayi amene anandinyamula pa ubatizo, analowa atanyamula matamale otentha, tizigumu tachimanga tokulunga m'makoko. Ataona dzanjalo mbale inawapulumuka.

"Namwali Woyera! Genoveva, tsegula maso uone zimene wakupanga mwana wakoyu!"

"N'chiyani kodi? Ndi mutu chabe," ndinatero.

"Mutu woyang'ana pansi? Iwe unabadwira kuti? Ukufuna amako aziyenda ndi matalala m'manja?"

Pamenepo ndinakumbukira, koma mochedwa. Njoka yoloza mutu pansi ndi njoka ya madzi, mtambo wakuda uja umalendewera kumwamba n'kudzamenya minda mpaka chimanga kugona. Ndili mwana ndinkaona amayi omwewa akuthamangira panja ndi chikwanje, akudula mphepo mopingasa kuti njokayo iduke isanafike pansi. Ine ndinali nditawajambulira mdani wawo padzanja logwirira chikwanjecho.

Amayi sanakuwe. Anatenga sopo ndi chikonyo cha chimanga, n'kukhula dzanjalo mpaka linafiira.

"Nyamuka," anatero. "Tauni yakudya mutu. Nyamuka uzipita."

Ndinapita nditapsa mtima. M'basi ndinalumbira kuti sindibwereranso, akapeze wina wowajambula, kaya a Herlinda omwewo ndi makala. Koma kutacha ndinadzuka nthawi yomwe ija, poti ndinkadziwa kuti ndikajomba, timizere tating'ono ta paphewa titayika ndipo palibe angatibweze. Ndinawapeza pakampando paja, bulauzi itatsitsidwa kale, tsitsi lili m'mwamba. Pambali panali kapu ya phala lotsekemera la chimanga, yovundikira ndi mbale kuti isazizire. Palibe anapepesa mnzake.

Nditafika pakhosi ndinayesanso mwaulemu.

"Nanga mutuwo ndikauika kuno kumwamba, woyang'ana kumitambo?"

"Usawonjezere chimene sichinaperekedwe."

"Amayi, anthu adzati sindinamalize."

"Anthu ati? Nthenga uzipatse mtundu wake, zibiriwire ngati tsamba la chimanga. Za mutu zisiye."

Ndinati ndibweretsa makina kumudzi kuti anthu asawaone akulowa m'shopu ya mphini. Anakana. Anati chinthu chimachitikira pamalo pake, ndipo iwo sanabe kanthu kuti azibisala. Anabwera Loweruka dzuwa lili pamutu, atafunda mpango wawo wakuda wopitira kumisa, n'kulowera khomo la kumsewu. Anayang'ana zithunzi za pakhoma chimodzichimodzi, kenako anayang'ana mnyamata wina wamphamvu amene mnzanga wogwira naye ntchito ankamutema pamwendo, akubuula ngati mbuzi.

Singano itawakhudza sanagwedezeke n'komwe. Patapita kanthawi anatembenuzira mutu kwa mnyamata uja.

"Achimwene, zimenezi ndi zimene mukulirazi? Mukanakhala obereka bwenzi dziko litatha anthu."

Tinagawa ntchitoyo maulendo angapo, poti khungu la munthu wamkulu silifuna phuma. Sindinagwirepo ntchito mosamala chotero. Pamene mphenzi inakhota moipa, nanenso ndinakhota moipa. Pamene inasiya mpata, ndinasiya mpata, ngakhale dzanja linkayabwa kufuna kukonza. Itapola, njokayo inali yokongola moti ndinkachita nayo mantha. Koma ndikafika pakhosi, pamene thupi lake linkangothera m'tsitsi, mtima wanga waumisiri unkadandaulabe.

Tsiku la mwambo tinayamba kukwera phiri kusanatenthe. Azibambo ananyamula madengu a zipatso, mabotolo a mowa ndi mphika wa nkhukundembo yophikidwa m'msuzi wa tsabola wotchedwa mole. Azimayi ananyamula maluwa ovekera mitanda ya kuphanga. Ine ndinali pambuyo pa amayi, malaya anga a mikono yaitali nditamanga mpaka m'khosi. Njira yonse amayi ankayang'ana mtambo uliwonse wodutsa.

A Crisóforo anali atafika kale, akufukiza lubani pakhomo pa phanga. Ndi kamunthu kakafupi, kouma ngati chikuni, ndipo kumutu anavala kapusi imene anabwera nayo kumpoto. Pamwala pambali pawo panali chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja, lipenga limene oteteza minda amaitanira mphepo. Mitanda itavekedwa, chakudya chitayalidwa, anatembenukira kwa ife.

"Mayi Genoveva, ndamva zanu ndisanatsike n'komwe ndege. Akuti masiku ano mphenzi inatsegula shopu ku Cholula."

Anthu ena anaseka. Ine nkhope inatentha. Amayi anavula mpango n'kupatsa a Herlinda. M'kati anavala bulauzi imene anaidula okha dzanja limodzi ndi mbali ya kumsana. Anatembenuka, n'kutambasula mkono padzuwa. Kuseka kunatha.

Mkuluyo anayandikira, n'kukanda pang'ono ndi chikhadabo.

"Iyi ndi inki."

"Eya, ndi inki. Ndani wakana?"

"Inki aliyense akhoza kukagula, mayi. Mawa abwera anyamata a kumsika onse ndi njoka zawo, nawonso ndiwalandire?"

"Bambo Crisóforo, khutu ili silimva, ndiye mundilole ndikweze mawu. Kumwamba kunalemba, kenako kunayamba kufufuta inu muli kokadya za azungu. Ndikanatani? Mwana wanga uyu anatsata mizereyi idakali yofiira. M'mawa uliwonse ankabwera kudzaibwereza kuti isathawe, mvula kaya dzuwa. Sanaisamutsire papepala, sanaiike m'foni. Tsiku limodzi lokha anafuna kuwonjezera zake, ndinamuthamangitsa, mawa lake anabweranso. Ngati pali bodza apa, lozani pamene lili."

"Ine ndinaona ndi maso angawa," anatero a Herlinda. "Mbale yanga inasweka pa nkhani yomweyi."

A Crisóforo anaika chala pamkono wa amayi n'kuyamba kutsata njokayo pang'onopang'ono, kanthambi ndi kanthambi. Atafika paphewa, pamene mizere inasokonekera moipa paja, anaima nthawi yaitali.

"Yanga inali apa," anatero motsitsa, akugwira nthiti zawo. "Ndinali mnyamata. Inatha amayi anga asanamalize kulira, ndipo sindinaionenso. Munthu akamapeka amakonda kufananitsa uku ndi uku. Mphenzi ilibe nthawi imeneyo." Anandiyang'ana kanthawi kochepa. "Dzanja limeneli silinaname."

Ndinayamba kupuma. Koma chala chawo chinapitirira kukwera khosi mpaka chinakafika patsitsi, n'kuima. Anabwerera kudzanja, anayang'ana kuseri kwa chikhatho, n'kupukusa mutu.

"Komatu njokayi ilibe mutu. Iona ndi chiyani njira yoti isese? Ipuma ndi chiyani? Chinthu chosatha sindingachilowetse m'phanga muno."

Ndinadziwa ine, ndinanena ine! Miyezi yonse ija yapita m'madzi chifukwa cha liuma la mayi mmodzi, ndipo mvula ya chaka chamawa idzawapeza asanalandiridwe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipemphe sabata imodzi yokha ndikamalize.

Amayi anandiletsa ndi dzanja. Ananyamula luko lawo la imvi n'kulikweza kuti aliyense aone pamene thupi la njoka linalowera m'tsitsi. Kenako anatembenuza khosi pang'onopang'ono mpaka maso awo anakumana ndi a mkuluyo.

"Nanga mukulankhula ndi ndani?"

Ine ndinaima kumbuyo kwa amayi, ndipo ndinaona chimene ndinalephera kuona miyezi yonse ndili nacho pamphuno. Mchira unali padzanja, thupi lobiriwira linakwera mkono, linapinda paphewa, linadutsa khosi, ndipo pamwamba pake panali mutu wa imvi, wa khutu limodzi logontha, ukuyang'ana a Crisóforo osaphethira. Misozi inangotsika yokha, ndipo sindinaipukute.

Mkuluyo anavula kapusi yake. Anawerama, anatola chigoba chija ndi manja awiri, n'kuchipereka kwa amayi. Ulendo woyamba chinangolira ngati mwana wa ng'ombe wachimfine, Nazario n'kubisa nkhope m'chipewa. Amayi anamuponyera diso, anadzaza chifuwa, n'kuombanso. Liwu linatuluka lalikulu, linagunda khoma la phanga n'kutsikira kuchigwa kumene kuli minda yathu. Atakweza chigongono, nthenga zonse za paphewa zinatambasuka. Ntchito imeneyo ndi yanga, ndipo ndidzainyadira mpaka tsiku londikwirira.

Potsika, amayi sanafundenso mpango ngakhale kunkazizira. Mayi wina wa mudzi woyandikana nawo anatipeza panjira, n'kufunsa ngati ine ndine mwana uja amasoka zovala m'tauni.

"Telala wake uti?" anatero amayi mokweza, monga amalankhulira ogontha. "Uyu ndi Maribel wanga, amatema mphini ku Cholula. Kulibe womuposa kumeneko." Ananditembenukira, n'kukoka kolala yanga. "Iwe, ukuphikiranji thupi m'malaya amenewa? Tapinda mikonoyo, awa aone."